Chithunzi chingathandize chiyani anthu atafa kale?

Mphunzitsi wina wandilembera imelo. Akuti anaona pa intaneti chithunzi cha penti cha Ben Shahn, wojambula wa ku America, cha amuna awiri, Sacco ndi Vanzetti, ali m'mabokosi a maliro, ndipo akufunsa kuti: "Anthuwa anali ataphedwa kale pomwe ankajambulidwa. Phindu lake n'chiyani? Komanso si ndale chabe izi, zongovekedwa penti?"

Aphunzitsi, zikomo. Ndiyambe ndi mlanduwo, poti popanda iwo chithunzicho simungachimve.

Pa 15 Epulo 1920, ku South Braintree m'chigawo cha Massachusetts ku America, achifwamba anapha anthu awiri omwe ananyamula malipiro a ogwira ntchito pafakitale ya nsapato, n'kuthawa ndi ndalama zopitirira madola 15,000. Apolisi anagwira Nicola Sacco, wopanga nsapato, ndi Bartolomeo Vanzetti, wogulitsa nsomba. Onse anali obwera kuchokera ku Italy, ndipo ankakhulupirira kuti anthu angakhale bwino popanda boma. Nthawi imeneyo dziko la America linali ndi mantha aakulu ndi anthu a maganizo oterewa, makamaka akakhala alendo. Mlandu unazengedwa ku Dedham mu 1921 pamaso pa jaji Webster Thayer, ndipo awiriwa anafunsidwa zambiri za ndale zawo komanso zoti anathawira ku Mexico pozemba usilikali mu 1917. Anapezeka olakwa. Mu 1925 mkaidi wina, Celestino Madeiros, anaulula kuti iye anali nawo pa chiwembucho ndipo awiriwa panalibe, koma Thayer anakana kuti mlandu uzengedwenso. Anthu anachita zionetsero m'mizinda yambiri ya ku Ulaya ndi ku South America. Sizinaphule kanthu. Pa 23 Ogasiti 1927 anaphedwa pampando wamagetsi.

Shahn naye anali mwana wobwera. Anabadwira ku Kaunas, ku Lithuania, mu 1898, m'banja la Chiyuda, ndipo anafika ku New York mu 1906. Mu 1931 ndi 1932 anajambula zithunzi 23 za mlanduwu, zambiri potengera zithunzi za m'nyuzipepala, n'kuzionetsa ku Downtown Gallery ku New York. Chachikulu chomwe mwaonacho chimatchedwa The Passion of Sacco and Vanzetti, kutanthauza masautso a Sacco ndi Vanzetti, ndipo chili ku Whitney Museum, nyumba yoonetseramo zaluso ku New York.

Tsopano chiyang'aneninso, koma musayambire pa akufawo. Yambani ndi amuna atatu omwe aimirira pamwamba pa mabokosi. Amenewo ndi a komiti yomwe bwanamkubwa wa Massachusetts, Alvan Fuller, anasankha kuti iunikenso mlanduwo, ndipo inati zonse zinayenda bwino. Wapakati, wovala mkanjo wa kuyunivesite, ndi A. Lawrence Lowell, mkulu wa yunivesite ya Harvard. M'mbali mwake muli Samuel Stratton, mkulu wa yunivesite ya sayansi ya MIT, ndi Robert Grant, jaji wopuma, atavala zipewa zazitali, maluwa oyera ali m'manja ngati anamfedwa. Kumbuyo kwawo kuli khoti, ndi Thayer atakweza dzanja ngati akulumbira. Nkhope za atatuwa n'zouma gwaa. Sakulira, sakukondwa, angoima mwaulemu wonse. Ine chimene chimandibaya mtima ndi maluwawo: amene anavomereza imfa ndi amene abwera kudzakhuza maliro.

Apa ndi pomwe pali yankho la funso lanu loyamba. Shahn sakanatha kudzutsa Sacco ndi Vanzetti. Chimene anachita n'kutembenuza bwalo. Kwa zaka zisanu ndi ziwiri dziko linkayang'ana wansapato ndi wansomba ali m'maunyolo. Iye anaimika ophunzira ndi olemekezeka kutsogolo kuti nawonso tiwayang'ane m'maso. Paja mlandu suwola. Lero ndi anthu ochepa kwambiri amene angawerenge lipoti la komitiyo, koma aliyense woima patsogolo pa chithunzicho amafunsa kuti atatuwa ndi ndani ndipo anachita chiyani.

Pa za ndale, inde, Shahn anasankha mbali ndipo sanabise. Ndikuuzeninso zoona kuti nkhani ya Sacco imakanganitsabe akatswiri. Mu 1961 anayeza mfuti yake n'kunena kuti chipolopolo chimodzi chomwe chinapezeka m'thupi la mmodzi wa ophedwa pafakitale paja chinachokera m'menemo, pomwe ena amakayikira ngati chipolopolocho sichinasinthidwe. Koma chithunzichi sichitsamira pa mfuti. Funso lake n'lakuti, kodi mlendo wosauka, wa maganizo odedwa, anamveredwa mwachilungamo? Mu 1977 bwanamkubwa wa Massachusetts, Michael Dukakis, analengeza kuti awiriwa sanazengedwe mwachilungamo ndipo mayina awo achotsedwe manyazi. Shahn anali atanena zomwezo ndi burashi zaka 45 m'mbuyomo, ndipo anamwalira mu 1969 asanamve chilengezocho.

Mukadzawaonetsa ana m'kalasi, musawauze nkhaniyi poyamba. Afunseni kuti pachithunzipo akuona kuti wolakwa ndi uti. Kenako mundilembere zomwe adzayankhe, ndikufunitsitsa kumva.