Kodi chigawo chilichonse chili ndi chilankhulo chake? Yankho kwa mphunzitsi wa ku Thyolo

Mayi wina amene amaphunzitsa kupulaimale m'boma la Thyolo wanditumizira imelo. Akuti ana ambiri m'kalasi mwawo amadzitcha Alomwe, koma ndi owerengeka okha amene angapereke moni m'Chilomwe, ndiye akufunsa ngati pali choona pa zimene timamva kawirikawiri zoti kumpoto n'kwa Chitumbuka, pakati n'kwa Chichewa, ndipo kummwera n'kwa Chiyao ndi Chilomwe.

Mayi, kugawa dziko patatu motero kumaphatikiza zinthu ziwiri zosiyana, zomwe ndi mtundu wa munthu ndi chilankhulo chimene amayankhula pakhomo. Pa kalembera wa 2018, anthu pafupifupi 19 mwa 100 alionse ananena kuti ndi Alomwe, pomwe pa kalembera wa 1998, amene anafunsa za chilankhulo cha pakhomo, anthu osakwana 3 mwa 100 ndiwo anatchula Chilomwe. Zimene mukuona m'kalasi mwanuzo zili m'midzi yambiri ya ku Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu.

Gwero lake ndi mmene Alomwe anafikira kuno. Ambiri anawoloka kuchokera ku Mozambique kuyambira cha m'ma 1890, pothawa nkhanza ndi ntchito yokakamiza ya Apwitikizi, ndipo anakhazikika m'minda ya azungu, kumene kapitawo ankalamula thangata m'Chinyanja, kusukulu ndi kutchalitchi nakonso kunali Chinyanja, ndipo womveka akuyankhula chakwawo ankanyozedwa ndi dzina loti Mnguru. Kholo lofunira mwana wake zabwino linkaona kuti n'kwanzeru kumulera m'chilankhulo cha eni dera. Sindiwaimba mlandu makolo amenewo, ngakhale kuti lero a Mulhako wa Alhomwe akuvutika kutolera zimene zinatayika.

Angoni nawonso nkhani yawo ndi yofananako, kungoti iwo anabwera ndi nkhondo. Anthu a Zwangendaba anawoloka Zambezi mu 1835, ndipo zidzukulu zawo ku Mzimba zimayankhula Chitumbuka, pomwe Angoni a Maseko ku Ntcheu ndi ku Dedza amayankhula Chichewa. Ankhondowo anakwatira akazi a mitundu imene anaigonjetsa, ndipo mwana amayamwa chilankhulo cha amayi ake. Chingoni chatsala makamaka m'nyimbo za ingoma, m'mfunda ndi pakamwa pa okalamba ochepa.

Kumpoto kumene anthu amangokutcha kwa Atumbuka ndiko kuli zilankhulo zambiri kuposa chigawo china chilichonse. Ndinakwerapo basi yodzera msewu wa kunyanja, ndipo ndinkamvetsera amayi ogulitsa nsomba ndi nthochi pazenera. Ku Salima Chichewa chinkasakanikirana ndi Chiyao, titadutsa Dwangwa n'kulowa m'boma la Nkhata Bay, moni unasanduka wa Chitonga, “Mwe uli?”, ku Mzuzu aliyense ankathokoza ndi “yewo”, tikuyandikira Karonga ndinayamba kumva “ndagha” wa Kyangonde, chomwe ndi chibale wa Chinyakyusa cha kutsidya kwa Songwe. Ku Chitipa kokha kuli Chilambya, Chindali, Chisukwa, Chinyiha ndi zina zingapo. Chitumbuka chinafalikira pakati pa onsewa makamaka kudzera m'sukulu ndi m'mapemphero a mishoni ya Livingstonia.

Kummwera, Chiyao chili ndi mphamvu ku Mangochi, Machinga, Balaka ndi mbali zina za Zomba, ndipo Chisena chimamveka ku Nsanje ndi Chikwawa moyandikana ndi Chimang'anja.

Pamwamba pa zonsezi pali chigamulo cha msonkhano wa chipani cha MCP mu 1968, chimene chinasintha dzina la Chinyanja kukhala Chichewa, n'kuchikhazika ngati chilankhulo cha fuko, ndipo Chitumbuka chinachotsedwa pawailesi mpaka 1994. Kuyambira 1968 mwana aliyense wa sukulu, kaya ali ku Nsanje kaya ku Misuku, ankakumana ndi Chichewa m'kalasi.

Ngati mukufuna kudziwa mmene zilili kwanuko, musafunse anawo mtundu wawo. Afunseni chilankhulo chimene agogo awo amayankhula akakwiya, kapena akamanong'onezana nkhani yoti ana asamve, ndipo mwina mupeza kuti Chimihavani ndi Chikokhola, zomwe ndi nthambi za Chilomwe, zikadalipo m'makomo ambiri kuposa mmene kalasi yanu ikuonetsera.