Madzi a Shire ndi madimba athu: mayankho a mlangizi

Bambo wina wa kwa Chimwala, yemwe amalima m'mbali mwa Malombe, wafunsa kuti: "Chaka cha 2024 dimba langa linamira mpaka July. Kodi si a ku Liwonde amene amatseka madzi?"

Bambo, baraji ya Kamuzu ku Liwonde imakhudzadi madzi a kuno. Inamangidwa mu 1965 kuti isunge madzi m'nyanja ya Malawi ndi kuwatulutsa moyeza, makina opangira magetsi a ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira asamasowe madzi m'chilimwe. Kuchokera pakamwa pa Shire kuno ku Mangochi, kudutsa Malombe mpaka ku Liwonde, dziko ndi lathyathyathya, kotero mageti akachepetsa madzi otuluka, ife kumtunda timaona madzi akuchedwa kuphwa.

Koma mphamvu ya baraji ili ndi malire. Madzi ambiri amene nyanja imataya pa chaka amachoka ngati nthunzi; odutsa mu Shire ndi gawo lochepa chabe. Chodzaza nyanja ndi mvula yogwera pamwamba pake ndi mitsinje monga Ruhuhu ya ku Tanzania, Songwe, Rukuru, Bua ndi Linthipe. N'chifukwa chake madzi amatha kukwera kuno kumwamba kuli mbee. Ndipo otsegula mageti ali ndi mbali ziwiri zoti aganizire, pakuti akatsegula kwambiri mtsinje wa Ruo nawonso utadzaza, omira ndi abale athu a ku Nsanje ndi Chikwawa. Nyanjayi imasinthasintha kuyambira kale. Kuyambira cha m'ma 1915, kwa zaka pafupifupi 20, Shire inaleka kutuluka m'nyanja, pomwe mu 1980 madzi anakwera kuposa mmene anakwerera mu 2024.

Mayi wina wa kwa Chowe akuti: "Nanga tidziwa bwanji nthawi yodzala, poti mwezi umene tinazolowera sukugwiranso?"

Mayi, lekani kudalira mwezi, yambani kuyeza madzi. Akatswiri a baraji amatero tsiku ndi tsiku, ndipo inunso mungathe popanda ndalama. Dulani nsungwi yotalika mamita awiri, muilembe mizere ya penti yotalikirana masentimita 10, muizike molimba kumunsi kwa dimba. Iwerengeni kamodzi pa sabata, tsiku lomwelomwe, m'mawa, ndi kulemba m'kope. Mukawerenga tsiku la mwera wamphamvu lembaninso zimenezo, chifukwa mphepo imakankha madzi n'kukunamizani. Pitani anthu awiri, ng'ona zilipo. Kawirikawiri nyanja imafika pachimake mu April kapena May, n'kumatsika mpaka November kapena December. Madzi akatsika masabata atatu otsatizana, ndiye kuti ayambadi kubwerera.

Pamwamba pakauma musathamangire khasu. Kumbani dzenje lakuya masentimita 50, mulisiye usiku wonse. Mukapeza madzi atakwera kufika masentimita 30 kuchokera pamwamba, chimanga sichinafike nthawi yake: mizu imasowa mpweya, masamba amachita chikasu, ndipo feteleza wa Urea amangotayika. Ambiri akaona chikasucho amawonjezera feteleza, pamene vuto ndi madzi. Zimandiwawa kuona thumba logula ndi ngongole likutha motero.

Gawani dimba patatu. Kumtunda dzalani chimanga chocha msanga, mizere yotalikirana masentimita 75, mapando masentimita 25, njere imodzi pa phando. Pakati dikirani masabata awiri kapena atatu, muikepo mbatata kapena ndiwo zamasamba pa mizere yokwezeka. Kumunsi kwenikweni kusiyeni ndi bango ndi udzu wake. Bangolo limagwira dothi, ndiponso ndi mmene ana a chambo amabisala ndi kukulira. A ku Malombe mukudziwa mmene chambo chinasowera kuyambira zaka za m'ma 1990. Pokolola lembani tsiku lodzala, muyeso wa pa nsungwi tsiku limenelo, ndi matumba a gawo lililonse. Chaka chamawa sinthani chinthu chimodzi chokha, kaya tsiku lodzala kaya mtundu wa mbewu, pakuti mukasintha zonse pamodzi simudziwa chomwe chakuthandizani. Makope a alimi khumi a kalabu imodzi, atasungidwa zaka zitatu, ndi umboni umene mungapite nawo kwa mlangizi, ku khonsolo ngakhale ku bungwe loona za madzi la NWRA.

Mnyamata wina wa kwa Mponda wafunsa ngati namasupuni angakhale manyowa.

Inde, koma muvuuleni asanachite maluwa, chifukwa njere zake zimakhala zamoyo zaka zambiri. Muyanikeni padzuwa masiku atatu kapena anayi, popeza ndi madzi okhaokha, kenako mumuduledule. Unjikani mosanjikiza ndi mapesi ouma ndi ndowe, mulu wa mita imodzi mbali zonse, muziutembenuza masabata awiri aliwonse mpaka utapsa pakatha miyezi iwiri kapena itatu. Muluwo ukhale kumtunda kumene madzi a 2024 sanafike, apo ayi madzi akadzakwera adzamubwezera mumtsinje.