Funsani Dokotala: Mwanabere m'khosi ndi chifuwa chosatha

Funso: Adokotala, mchimwene wanga wa zaka 28 wakhala akutsokomola kwa mwezi wathunthu. Tsopano m'khosi mwamutuluka mwanabere yemwe sakupweteka koma akungokulirakulira. Agogo akuti timutemere mphini. Kodi chifuwachi ndi mwanabereyu n'zogwirizana? Ndine mayi wa ku Balaka.

Yankho: Mayi, mphinizo dikirani kaye. Mwanabere sachita kubwera ngati mlendo. Aliyense amabadwa nawo, pafupifupi 600 m'thupi lonse, ndipo ambiri ndi aang'ono kuposa nyemba. Timangowazindikira akatupa.

Ntchito yawo ndi iyi. Magazi akamayenda, madzi ena amatsalira m'minofu, pafupifupi malita atatu pa tsiku. Madziwa amatoleredwa ndi timitsempha tapadera, tosiyana ndi ta magazi, ndipo asanabwerere m'magazi amadutsa kaye mwa anabere. Mwanabere ali ngati sefa ya ufa: madzi amadutsa, tizilombo timatsala, ndipo asilikali a m'thupi amene amakhala m'menemo amatipha. Nkhondoyo ikakula, mwanabere amatupa. N'chifukwa chake chilonda cha kuphazi chimatupitsa m'mphechepeche, cha kudzanja m'khwapa, ndipo dzino lobooka kapena zilonda zapakhosi zimatupitsa m'khosi.

Nawo mapapo ali ndi anabere awoawo. Mpweya umatsika ndi kholingo, lomwe limagawanika pawiri m'chifuwa, nthambi imodzi kupita ku phapo lakumanja, lokhala ndi zigawo zitatu, ina ku lakumanzere, lokhala ndi ziwiri zokha chifukwa limasiyira malo mtima. Pamphanda pomwepo pali gulu la anabere olandira madzi ochokera m'mapapo. Amenewa simungawakhudze ndi chala, koma njira yawo imakwera mpaka m'munsi mwa khosi. Choncho inde, chifuwa ndi chotupacho zikhoza kukhala nkhani imodzi.

Mwanabere wopweteka, wofewa, wobwera ndi chimfine n'kuphwa pakatha milungu iwiri kapena itatu sandidetsa nkhawa kwenikweni. Amene amandidetsa nkhawa ndi ngati wa mchimwene wanuyu: wosapweteka, wokulirakulira. Anthu ambiri amati chosapweteka sichoopsa, pamene pankhaniyi n'chimene chimafuna changu. Ndi chifuwa chopitirira milungu iwiri, choyamba kuganizira ndi TB, makamaka ngati akutuluka thukuta usiku, akumva kutentha thupi kapena akuwonda. TB ikatuluka m'mapapo, malo amene imakonda kwambiri ndi mwa anabere a m'khosi. HIV nayonso imatupitsa anabere, ndipo nthawi zina vuto limakhala khansa.

Sindingamuuze matenda ake ndisanamuone. Apite kuchipatala sabata ino. Akamuyeza makhololo, akamupempha kuyezetsa HIV, mwina akamujambulanso chifuwa. Ngati pakufunika, akatenga timadzi ta m'chotupamo ndi jakisoni kuti akatiunike. Makhololo akapezeka opanda kanthu asangobwerera kunyumba, chifukwa TB ya mwa anabere simaoneka nthawi zonse m'makhololo. Ikapezeka, mankhwala ake ndi aulere m'zipatala za boma ndipo kawirikawiri amamwedwa miyezi 6 osadumphitsa. Ana osakwana zaka zisanu amene akugona naye nyumba imodzi apite nawonso akawaone.

Agogo muwauze mwaulemu kuti mwanabere wa TB akatemedwa kapena kufinyidwa amatha kusanduka chilonda chotuluka mafinya kwa miyezi yambiri.