Maungu akuyoyoka asanakule: kodi vuto ndi njuchi?

Mayi wina wanditumizira imelo sabata yatha. Akuti: "Maungu anga amachita maluwa ambiri, koma tizipatso timangofota n'kuyoyoka. Manyowa ndinathira, madzi sindiwamana, nsabwe za m'masamba ndimapopera. Mnzanga akuti vuto ndi njuchi. Ine sindiweta njuchi, ndiye zikundikhudza bwanji?"

Mayi, mnzanuyo ayenera kuti walasa. Kutentha kwambiri ndi kuchepa kwa madzi nazo zimayoyola zipatso, koma mwati madzi alipo, ndipo mawu akuti "ndimapopera" ndi amene andiimitsa mutu.

Mawa mulawirire kumunda dzuwa likungotuluka, mukayang'anitsitse maluwawo. Mupeza kuti alipo amitundu iwiri. Ena ali pa kaphesi kowonda, mkati mwake muli ufa wachikasu umene umamatirira ku chala. Amenewo ndi aamuna, ndipo ufawo ndi mungu. Ena ali ndi kamphundu kobiriwira kunsi kwake, kadzungu kakhanda. Amenewo ndi aakazi. Mungu wa dzungu ndi wolemera komanso wonanda, mphepo siingaunyamule monga imachitira ndi wa chimanga, wochoka ku ngayaye kugwera pa ndevu. Pamafunika njuchi ilowe m'duwa lamphongo, ituluke ili mbuu, ikalowe m'duwa lalikazi, ndipo osati kamodzi kokha. Nthawi yake ndi yochepa zedi, chifukwa duwalo limatseguka m'mawa umodzi basi, pofika masana latseka. Likapanda kulandira mlendo m'maola amenewo, kamphundu kaja kamachita chikasu n'kugwa.

Si maungu okha. Lipoti la mu 2016 la IPBES, bungwe la mayiko lounika za zamoyo zachilengedwe, linati mwa mitundu ikuluikulu ya mbewu zodyedwa padziko lonse, pafupifupi 75 pa 100 iliyonse imadalira, pang'ono kapena kwambiri, zamoyo zonyamula mungu. Kwa zomera zakuthengo zochita maluwa chiwerengerocho chikuyandikira 90 pa 100. Ndipo tikati njuchi, tisamangoganiza za m'ming'oma. Padziko pali mitundu ya njuchi yoposa 20,000, yambiri siipanga uchi woti munthu n'kufula, siikhala m'magulu, imangokumba kauna m'dothi kapena kuboola mtengo wouma monga achitira bemberezi. Palinso agulugufe, ntchentche zina, mbalame zoyamwa maluwa. Koko, amene amapangira chokoleti, amadalira tintchentche tating'onoting'ono. Maluwa a mlambe amatseguka usiku kudikira mileme.

Tsono za mankhwala, pamene mtima wanga wagona. Mankhwala opha nsabwe sasankha. Mukapopera m'mawa maluwa ali otseguka, mukuthira poizoni m'mbale imene njuchi ikudyeramo. Ngati kupopera sikungapeweke, dikirani madzulo maluwa atatseka, njuchi zitabwerera kwawo, kopanda mphepo, ndipo mulunjike pa masamba ogwidwa okhawo. Muwerengenso dzina pa botolo. Mukaona imidacloprid, thiamethoxam kapena clothianidin, dziwani kuti amenewo amalowerera m'thupi lonse la mbewu mpaka kukafika mu mungu ndi m'timadzi ta m'duwa, choncho kusintha nthawi yopopera sikuthandiza kwenikweni. Njuchi imene yawamwa ikhoza kusokonekera mutu n'kulephera kubwerera kwawo. Mayiko a mu mgwirizano wa ku Ulaya wa European Union analetsa kugwiritsa ntchito mankhwala atatuwa panja m'minda mu 2018. Ine pa mbewu yoti ili ndi maluwa sindingawayandikize n'komwe. Nsabwe zikakhala zochepa, kuthothola masamba ogwidwawo kapena kuwatsuka ndi madzi a sopo wochepa kumakwanira.

Chinanso n'chakuti njuchi zimafunika kudya chaka chonse, osati maungu anu akachita maluwa pokha. Munda wopaliridwa mpaka m'malire, wosesedwa kuti psiti, kwa izo ndi chipululu. Siyani kachigawo m'mbali kuti zitsamba zichite maluwa, bzalani mpendadzuwa pang'ono, musatenthe zinyalala zonse, ndipo chitsa chouma chija chili ndi timabowo muchileke. Pena pakhale dothi losagaulidwa. Nyengo yotentha ikani madzi m'kambale kosaya, muikemo timiyala poti zizitera zisamire.

Zimenezi zimatenga nthawi, pamene maungu anu akuyoyoka lero. Ndiye pakali pano gwirani nokha ntchito ya njuchiyo. M'mawa thyolani duwa lamphongo, muchotse chikasu chakunjacho kutsale kamtengo ka mungu, mukakhudzitse pang'onopang'ono pakati pa duwa lalikazi lotseguka tsiku lomwelo, mbali zonse. Mumange kansalu pa phesi kuti mulizindikire. Pakatha masiku angapo mukaone ngati kamphunduko kayamba kufufuma. Kakatero pamene tinzake tosakhudzidwa tikugwabe, ndiye kuti chosowa m'munda mwanu ndi onyamula mungu. Mudzandilembere, Mayi, mundiuzenso kuti m'mawa umenewo munawerenga njuchi zingati pa maluwa anu.