Mbale ya Shimano pa kalanka ya Stronglight: yezani kaye musanagwire tupa

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina wa ku Zomba amene anagula pakaunjika njinga yakale ya Peugeot, ya mahandulo opindika aja, yokhala ndi kalanka ya aluminiyamu yolembedwa Stronglight 93. Funso lawo nali:

"Mano a mbale yaing'ono yakutsogolo atha, tcheni chikumalumpha ndikamakwera mtunda. Ndapeza mbale ya Shimano ya mano 39, yabwinobwino, nayonso ya mabowo asanu, koma mabowowo akuphonyana pang'ono ndi a pakalanka. Makanika akuti akuze mabowo ndi tupa, apo ayi tipite nayo kowotcherera. Ndichite chiti?"

Bambo, zonse ziwirizo musachite. Ndifotokoze bwino chifukwa chake, popeza vutoli limagwira anthu ambiri amene agula njinga zakale za ku Ulaya.

Ambirife tinakulira pa Humber, Hero ndi Phoenix, pomwe mkono wa pedulo ndi mbale ya mano ndi chinthu chimodzi chomatana, chonsecho timangoti kalanka. Mano akatha mumachotsa kotapini n'kugula kalanka ina. Njinga yanuyo ndi yamtundu wina. Mbale, imene pa Chingerezi amati chainring, imamangidwa ndi mabawuti pa timikono tisanu totambasuka ngati zala. Mabowo a mabawutiwo ali pamzere wozungulira, ndipo kukula kwa mzerewo, kuyeza modutsa pakati pake, ndi kumene amati BCD. Kalelo fakitale iliyonse inkasankha muyeso wakewake. Stronglight ya ku France inasankha mamilimita 122, Nervar 128, Shimano ndi makampani ena a ku Japan anakhazikika pa 130, pomwe Campagnolo ya ku Italy inayamba ndi 151, inatsika pa 144 m'zaka za m'ma 1960, kenako 135 m'zaka za m'ma 1980. Zonsezi ndi za mabowo asanu, ndipo ukaziona patali umayesa n'zofanana.

Kuyeza sikufuna chida chodula. Tengani rula, yezani kuchokera pakati pa bowo limodzi kufika pakati pa loyandikana nalo. Ngati kupeza pakati kukuvuta, yezani kuchokera m'mphepete mwa kumanzere mwa bowo loyamba kufika m'mphepete mwa kumanzere mwa lachiwiri, n'chimodzimodzi. Nambala mwapezayo ichulukitseni ndi 1.701. Pa kalanka yanu mupeza pafupifupi 71.7, zimene zikupereka 122. Pa mbale ya Shimano mupeza 76.4, ndiyo 130. Mukadzakumana ndi zina, 64.7 ndi 110, 75.2 ndi 128, 84.6 ndi 144. Mbale ya mabowo anayi okhala motalikirana mofanana mumachulukitsa ndi 1.414, ya atatu ndi 1.155.

Tsono tiwerengere limodzi. Pakati pa 130 ndi 122 pali mamilimita 8, kutanthauza kuti bowo lililonse liyenera kusendezedwa mamilimita 4 kulowera m'kati. Bowo lenilenilo nthawi zambiri limakhala la mamilimita 10. Yang'anani kakhutu ka mbale ya Shimano pomwe pali bowopo: chitsulo chotsala pakati pa bowo ndi m'mphepete mwa m'kati n'chochepa kwambiri. Mukapala mamilimita anayi, tupa lidzadya chonsecho kapena kusiya kanthu kopyapyala ngati chikhadabo. Bowo lidzasanduka mpata wotseguka, bawuti lidzagwira theka. Tsiku limene mudzaimirire pa mapedulo pamtunda wa Ku Chawe, mphamvu yanu yonse idzadutsa pa makutu asanu odulidwawo. Mbale ikapindika munthu ali chiimire, phazi limapita pansi mwadzidzidzi, ndipo kugwa kwake sikukhala kwabwino.

Pali chinanso chimene anthu saganizira. Pa timikono ta kalanka pali kapewa kamene mbale imakhalira. Kapewako ndi kamene kamathandiza kuti mbale ikhale pakatikati, mabawuti ntchito yawo yaikulu ndi kufinya. Mbale ya 130 pa timikono ta 122 sikhudza n'komwe kapewako, imangolenjekeka pa mabawuti.

Sindikunena kuti tupa ndi mdani. Kalanka yanu ikanakhala Nervar ya 128, ndikanakuuzani kuti palani, chifukwa pamenepo bowo lililonse limasendera milimita imodzi yokha, ndipo anthu okonda njinga zakale amachita zimenezi kawirikawiri. Lamulo langa ndi lakuti milimita imodzi palibe vuto, awiri muone kaye kuchuluka kwa chitsulo chotsala, kupitirira apo lekani.

Zowotchererazo ndiye ayi ndithu. Pa kalanka yachitsulo ya njinga ya kabaza zimatheka, ndipo ndaonapo zowotchereredwa zikunyamula matumba a makala popanda vuto. Koma Stronglight yanu ndi aluminiyamu. Makina owotcherera zipata ndi mafelemu a mawindo sagwira aluminiyamu bwino, ndipo ngakhale mutapeza wodziwa, moto umafewetsa chitsulo chimenechi. Mudzawononga kalanka imene simudzaipezanso pamsika, komanso mano akadzathanso simudzakhala ndi pomasula.

Njira imene ine ndingatsate ndi kuboola mabowo atsopano pa mbale ya BCD yocheperapo, osati yokulirapo. Funani mbale ya 110 yokhala ndi thupi lodzaza, yopanda mawindo akuluakulu, ndipo ngati n'kotheka ikhale ya mano ofanana chiwerengero ndi yanu yakuthayo. Yakuthayo musataye, ndiyo chikombole chanu. Isanjikeni pamwamba pa yatsopano, muizungulitse mpaka mabowo ake agwere pa chitsulo chodzaza pakati pa mabowo akale, kenako linganizani mano. Ngakhale nsonga za mano zatha, timaenje ta pakati pa mano timakhala tikadali pamalo pake, ndiye ikani timisomali tofanana kukula m'timaenje tinayi kapena tisanu kuzungulira mbale kuti ziwirizo zikhale pakati pamodzi. Finyani zolimba, boolani kudzera m'mabowo a mbale yakale. Mukatero mujambule mzere wa m'kati mwa mbale yakaleyo, mupale yatsopano mpaka ikhale pa kapewa mothina. Apa mpamene pamafuna mtima wodekha. Palani pang'ono, yesani, palaninso. Ngati pali malo amene ali ndi makina oboolera oimirira, alipireni aboole iwo, chifukwa dzanja limapendama.

Kuphonya pakati ndi theka la milimita kumaoneka kochepa. Pa njinga ya magiya derailleur yakumbuyo, kachipangizo kosinthira magiya kaja, imameza kusiyanako, simumva kanthu. Koma mukadzaisandutsa ya giya imodzi, tcheni chizidzathina ndi kukhwefuka pa kuzungulira kulikonse, mpaka chidzayamba kugwa.

Mukamanga, onani mpata wa pakati pa mbale ziwirizo. Mbale zakale zinapangidwira tcheni chonenepa cha nthawi ya magiya asanu kapena asanu ndi limodzi kumbuyo. Mukaika tcheni chopyapyala chamakono, chikhoza kugwera pakati pa mbale n'kukanirira. Mpata ukachepa kwambiri, tcheni chimakhula mbale yaikulu chili pa yaing'ono, ndipo pamenepo timawashala topyapyala timakonza. Onetsetsaninso kuti mbale mwagulayo ndi ya tcheni cha 3/32 ya inchi m'lifupi, osati 1/8 ya njinga za giya imodzi, chifukwa mano a 1/8 salowa m'tcheni cha magiya. Kutalikirana kwa mano kokha ndiye sikudetsa nkhawa, n'kofanana, mamilimita 12.7. Ndipo tcheni chimene chinadya mbale yakaleyo musachibwezere, chidzadyanso yatsopano.

M'kalata mwanu mwatchula mitunda, ndiye ndikuuzeni malire a kalanka imeneyi. Pa BCD ya 122 mbale yaing'ono kwambiri imene ingakwane ndi ya mano pafupifupi 38. Kutsika apo, mano amagundana ndi mabawuti. Ngati mukufuna giya yofewa kuposa pamenepo, chapafupi ndi kuika filiwiro ya mano ambiri kumbuyo. Kwina ndi kusinthiratu kalanka, kuika ya 110 imene imalola mano 34, ndipo zimenezi zimapezeka pa njinga zambiri za kaunjika.

Mukasankha kusintha kalanka, samalani potulutsa yakaleyo. Chokokera kalanka chimene amakanika ambiri ali nacho ndi cha mamilimita 22. Stronglight zakale mazinga ake ndi 23.35, za TA, kampani inanso ya ku France, ndi 23. Cha 22 n'chochepa, sichigwira mazinga a Stronglight; cha 23 ndicho chimalowa mokhwepa, chimaoneka ngati chagwira, kenako chimasolola mazinga onse, kalanka n'kutsala pomwepo. Zikatero anthu amatenga hamala, ndipo kalanka yabwino imathera pamenepo. Ekiselo nayo ili ndi nkhani yake: nsonga za makona anayi za ku Ulaya ndi za ku Japan zimasiyana pang'ono kunenepa, moti kalanka ya ku Japan pa ekiselo ya ku France ikhoza kulowa mopitirira mpaka mbale kukhudza felemu. Mapedulo a Peugeot zambiri zakale mazinga ake ndi a ku France, mamilimita 14 x 1.25, pomwe makalanka a masiku ano ndi 9/16 ya inchi, kotero mudzafunikanso mapedulo ena.

Mukaona mndandanda wa zogulawo, mumvetsa chifukwa chake ine ndingasunge Stronglight n'kuiboolera mbale. Ya Shimano ya mano 39 ija isungeni osaikhudza ndi tupa, ili ndi mtengo kwa aliyense amene ali ndi kalanka ya 130, ndipo mukhoza kusinthana naye ndi ya 110 imene mukufuna. Popita kumsika tengani rula ndi mbale yakuthayo m'chikwama, muyeze muli pomwepo musanapereke ndalama.