Funsani Ankolo: mutu ukamawawa pa boti musathamangire kunena kuti ndi mafunde

Ankolo moni. Amuna anga amagwira ntchito yophika pa boti lina ku Kariba mbali ya Siavonga, maboti akuluakulu aja okhala ngati nyumba amene alendo amapanga hayala nkumagona momwemo masiku angapo. Vuto ndi loti ulendo uliwonse akabwerako amadandaula mutu, nseru, thupi lonse kufooka, tsiku lina anachita kusanza. Kuchipatala anawayeza malungo osapezeka, BP ili bwinobwino. Chodabwitsa akakhala kunyumba masiku awiri amakhala gwa, kungobwerera ku boti zayambiranso, ndipo mnzawo amene amagona naye kachipinda kamodzi akuti nayenso chimodzimodzi. Kachipindako kali kumbuyo pafupi ndi jenereta, usiku imalira mpaka kucha chifukwa cha mafiriji ndi ma AC a alendo. Achibale ayamba kale zoti alipo akuwachitira nsanje pantchitopo. Nditani ine?
Mayi wodandaula, Lusaka

Mayi, mwachita bwino kulemba, ndipo pempho langa loyamba ndi loti bambowo asakagonenso mu kachipindako jenereta ikulira mpaka wina ayang'ane bwino paipi yotulutsa utsi. Munthu sayezedwa pa kalata, koma zinthu zitatu zimene mwatchula, kudwala anthu awiri ogona malo amodzi, kuchira akachoka pamalopo, ndi jenereta yolira usiku onse pafupi ndi pogona, zonsezi zikuloza ku mpweya wa carbon monoxide, ena amangoti CO.

Mpweyawu umatuluka paliponse pamene petulo, dizilo, makala, gasi, palafini kapena nkhuni zikuyaka koma osapsa bwinobwino. Injini za petulo ndi zimene zimatulutsa wambiri, koma ya dizilo nayo osaidalira ayi. Choipa chake ulibe fungo, ulibe mtundu, sulawika, sutsamwitsa olo kuyabwa mmaso. Utsi wakuda umene timauthawa uja bola, umatichenjeza. CO amalowa mwakachetechete mmapapo nkupita mmagazi, kumeneko amakagwirana ndi hemoglobin, chinthu chimene chimanyamula oxygen, ndipo amagwira mwamphamvu kuposa oxygen kopitirira ka 200. Nde munthu akupuma ndithu, chifuwa chikukwera ndi kutsika, koma magazi akuyenda opanda katundu wake, ubongo ndi mtima nkumafa ndi njala. Zizindikiro zoyamba ndi zomwe mwanenazo, mutu, chizungulire, nseru, kufooka, kenako munthu amayamba kusokonekera, miyendo osamvera, kukomoka. Pa boti aliyense amangoti ndi mafunde kapena dzuwa kapena mowa wa dzulo, kwathu kuno timawonjezera malungo, ndipo mankhwala ake amati kagoneni kaye mkati. Apo nde pamene anthu amafera, chifukwa wogona samva mutu kuwawa, amangopitirira.

Nkhani ya maboti okhala ngati nyumbawa inadziwika kwambiri ku America mu 2000, pa nyanja ya Lake Powell imene ili mmalire a Arizona ndi Utah. Ana awiri apachibale, wina wa zaka 8 wina 11, anali kusambira kumbuyo kwa boti, pansi pa kathandala kamene anthu amatsikira mmadzi, jenereta ikulira. Paipi ya utsi inkatulukira pomwepo. Mphindi zochepa onse awiri anakomoka nkumira. Bungwe la boma loona zaumoyo wa anthu pantchito, NIOSH, litayamba kufufuza linapeza kuti mpweya umene umaunjikana malo amenewo ndi woti utha kugwetsa munthu atangopuma kangapo, komanso kuti anthu ena amene ankalembedwa kuti amira basi anali atayamba apuma CO. Ndikunena zimenezi dala chifukwa ana aja sanali mchipinda, anali panja. Nde ngati panja zingatheke, kuli bwanji kachipinda ka kumbuyo kotseka mawindo chifukwa cha udzudzu?

Zoti achite ndi izi. Akambe ndi kaputeni kapena mwini boti, osati mwaukali koma mosabisa, kuti anthu awiri akudwala mofanana ndipo akukaikira utsi. Makaniko ayang'ane paipi yonse kuchokera pa jenereta mpaka potulukira, ming'alu, dzimbiri, mwaye wakuda pamalo olumikiza, mapaipi a labala opsa kapena makilampu omasuka, komanso aone kuti utsi ukatuluka ukulowera kuti. Nthawi zina paipi ili bwino koma boti aliimika moyandikana ndi linzake kapena khoma la doko, utsi nkumabwerera kulowa pa windo, mwinanso ndi jenereta ya boti la aneba imene ikukupopera. Ndipo mgulireni alamu ya CO ya mabatire, kachinthu kokwana mmanja, aziika pafupi ndi pamene amatsamira mutu. Mwini boti wanzeru sangakane, pajatu mpweya womwewo ukhoza kufika ku zipinda za alendo ake.

Akapitanso kuchipatala anene mawu oti ndimagona pafupi ndi jenereta, asangoti mutu. Pali chinthu chimodzi chimene chimapusitsa, kachipangizo kaja amapanitsa pa chala kuti aone oxygen sikasiyanitsa magazi onyamula oxygen ndi onyamula CO, katha kuwerenga 98 munthu ali pangozi. Komanso CO amachoka mmagazi pang'onopang'ono, pa mpweya wamba theka lake limatha pa maola 4 kapena 5, nde pomafika ku Lusaka kuchokera ku Siavonga zambiri zimakhala zachoka kale, nchifukwa chake akumawapeza alibe kanthu. Zimenezo sizikutanthauza kuti palibe vuto, kupuma CO pang'onopang'ono usiku ndi usiku kutha kusiya munthu woiwalaiwala, wotopa, mtima nawo umavutika. Za nsanjezo achibale atha kumakambirana, koma paipi iyang'anidwe kaye sabata ino.

Ankolo zikuyenda? Ine ndine mlovi kuno ku Nkhotakota, timapita usiku ku usipa ndi boti la matabwa la injini ya 15. Nyengo ya mwera kumazizira zoopsa nde ena timatenga kambaula, tikamadikirira kapena tikakocheza kugombe timafunda lona nkuyika mbaula mkati kuti tiziwotha. Mwana wa achemwali anga wa ku sekondale akuti tidzafa nazo, ine ndikuti ife tili panyanja mphepo ili mbwee, komanso timadikira makala asiye kufuka kaye. Akunama eti?
Mlovi, Nkhotakota

Achimwene, mwana wa achemwali anuyo sakunama, mumugulire fanta. Mbali imodzi mukunena zoona, pa boti lapululu mphepo ikuomba CO sachedwa kubalalika. Koma mukangofunda lona mwamanga chipinda, ndipo nchipinda chaching'ono kuposa bafa, anthu angapo akupumira momwemo limodzi ndi mbaula. Zoti makala akasiya kufuka ndiye kuti ali bwino, anthu ambiri amakhulupirira choncho olo mmakomo mu June ndi July, koma si zoona. Makala ofiira psuu opanda utsi aja akutulutsabe CO wambiri, ndipo mpweya wabwino ukamachepa mkati mwa lonamo amatulutsa wochulukirapo. Olo amene akuoneka ngati azima, aphulusa pamwamba, akugwirabe ntchito.

Asodzi anzanu a ku England zinawachitikira mu January 2014 padoko la Whitby. Anyamata awiri pa boti lotchedwa Eshcol anali atatopa, kukuzizira, anayatsa chitofu cha gasi kuti mkati mufunde nkugona. Mmawa anawapeza pamabedi awo atamwalira. Boti lawo linali losiyana ndi lanu la matabwa, koma nkhani ndi imodzi, kutopa, kuzizira, moto, ndi malo otseka.

Nde mbaula ikhale yophikira tiyi panja, kugombe, ndipo mukamaliza ithireni madzi kapena ikhale kutali ndi pogona. Kuzizira limbanani nako ndi majuzi, chipewa, sokosi, bulangete louma losungidwa mu jumbo, ndikudziwa sizifunda ngati moto koma mumadzuka. Ndiponso moto mu boti momwe muli zigubu za petulo, imeneyo ndi ngozi ina payokha, nthunzi ya petulo imatsikira pansi pa boti nkumadikira kanthethe kamodzi.

Injini yanu ya 15 nayo musaiderere. Ikamalira boti litaima, kapena mukuyenda pang'onopang'ono mphepo ikuchokera kumbuyo, utsi umabwerera mu boti ndipo amene amaupuma kwambiri ndi wogwira injini uja. Boti likalemedwa kumbuyo mphuno nkudzuka, zimawonjezera. Ngati mwaima zimitsani, mupulumutsanso mafuta. Munthu asalowe mmadzi kumbuyo kukamasula ukonde kapena chingwe pa pulopela injini ikulira, ndipo ana aja amakonda kugwira kumbuyo kwa boti kuti liziwakoka, akanizeni. Panyanja CO safunika kukupha yekha, angokupatsa chizungulire basi, waterereka, usiku, mwera ukuomba, anzako ali kalikiliki ndi ukonde. Apa nde pamene laifi jaketi imagwira ntchito, chifukwa olo katswiri wosambira wobadwira kunyanja akakomoka sasambira. Ivalidwe ndi kumangidwa, osati kukhalira.

Tsiku lina mukadzaona mnzanu pansi pa lona sakudzuka bwino, akuyankha zosamveka kapena akusanza, chotsani lona msanga, mukokereni pa mphepo, zimitsani injini ndi moto, ndipo muone enanso onse amene anali momwemo. Ngati akupuma koma wakomoka mugonekeni chammbali kuti masanzi asamutsamwitse. Ngati sakupuma yambani kupsinya pachifuwa mwamphamvu ndi mofulumira wina akusaka thandizo. Osamumwetsa mkaka, mkaka sufika kumene kuli vuto ndipo munthu wokomoka utha kumulowa mmapapo. Kachasu woti afunde ayinso. Mankhwala ake ndi oxygen wa kuchipatala, amene amachotsa theka la CO pa ola limodzi kapena limodzi ndi theka mmalo mwa maola aja, nde olo atatsitsimuka nkumati ndili bho mupite naye ndithu, makamaka akakhala mwana, wachikulire, wodwala mtima kapena mayi woyembekezera, chifukwa mwana wa mmimba amavulala kuposa mayi ake.

Ankolo ndili ku UK, lendi yavuta nde mnzanga akundiuza zokakhala mu boti laling'ono lalitali lija la mmakanalo, muli kachitofu ka nkhuni ndi gasi wophikira. Akuti muli kale alamu ya utsi. Ndi yokwanira?
Mtsikana wa ku Birmingham

Ayi mwanawe, alamu ya utsi ndi ya moto, CO siimumva. Pamafunika ina yakeyake, ndipo kumeneko si nkhani yokonda, Boat Safety Scheme, imene imaona za chitetezo cha maboti, inalamula kuyambira pa 1 April 2019 kuti maboti okhala ndi malo ogona pamitsinje ndi makanalo ambiri azikhala ndi alamu ya CO. Poigula yang'ana kuti palembedwa BS EN 50291-2, imeneyo ndi imene inayesedwa kuti ipirire chinyezi ndi kugwedezeka kwa mu boti. Imodzi ikhale mchipinda chimene muli kachitofu, ina pafupi ndi pamene umapumira ukagona. Uzidina batani loyesera pafupipafupi, ndipo uone deti kumbuyo, zimatha mphamvu pakapita zaka 7 mpaka 10 olo batire ili yatsopano.

Usanalowe funsa satifiketi ya botilo ndi tsiku limene chumuni inatsukidwa komaliza. Moto wa gasi uzikhala wa buluu, ukamaoneka wachikasu kapena ukudetsa mapoto ndi mwaye pali vuto. Timabowo ta mpweya ta pa zitseko ndi padenga anthu amatitseka ndi nsanza nyengo yozizira, iwe usayerekeze. Phulusa lotentha la mu kachitofu lituluke panja, osalisiya mu ndowa mkati. Jenereta ya mmanja malo ake ndi kumtunda, kutali ndi mawindo ako ndi a aneba. Mu April 2013 pa nyanja ya Windermere mayi ndi mwana wake wa zaka 10 anamwalira atagona masana mu boti lotchedwa Arniston, jenereta yotere inaikidwa mkati ndi paipi ya utsi yolumikiza okha, paipiyo inamasuka itatentha, ndipo ma alamu a mu botimo sankagwira ntchito.

Alamu ikalira usiku usayambe kufufuza kuti yalira chifukwa chani kapena kuchotsa batire kuti ugone. Dzutsa aliyense, tulukani panja zitseko muzisiye zotsegula, ngati wina akumva mutu kapena chizungulire imba 999 ndipo unene kuti mukukaikira carbon monoxide, uwauzenso dzina la kanalo ndi nambala ya mlatho umene uli pafupi kuti ambulansi isavutike kukupezani.