Miyala youma ija musathamangire kuiponya m'thanki

Achimwene ena andilembera imelo kufunsa ngati miyala youma yomwe agula angangoitsuka pampopi n'kuiika m'thanki yawo ya madzi amchere yowetera nsomba ndi makorali (tizamoyo ta m'nyanja ya mchere tomwe timamanga matanthwe) Loweruka lino. Achimwene, mwandiponda pachilonda.

Ine ndinachita zomwezo kuno ku Durban. Ndinagula miyala ya Pukani kwa bambo wina amene ankasiya zoweta nsomba. Pukani imachokera ku Fiji, ndi yopepuka, yodzaza timabowo ngati chisa cha njuchi. Inali itakhala m'galaja mwawo zaka, yoyera mbee. Mumtima ndinati, chinthu chouma gwaa chonchi chingabise chiyani? Paja ndinakula ndikuona mbuna zikusewera m'miyala ya ku Cape Maclear, ndiye kwa ine mwala unali mwala basi. Ayi ndithu. Ya kwathu ija ndi yolimba, simwa kanthu. Iyi ndi mafupa a makorali, calcium carbonate, ndipo phosphate, yomwe ili ngati feteleza wa ndere, imakakamira pamenepo n'kumatuluka pang'onopang'ono. M'timabowomo munalinso tinkhanu takufa ndi masiponji ouma omwe sindinawaone.

Patatha milungu itatu ndere zinamera ngati tsitsi. Ukazula lero, mkuja zabwerera. Mayi a kunyumba ankati akamadutsa pabalaza n'kufunsa kuti dimbali tidzakolola liti. Ndinasintha madzi kambirimbiri, ndalama zikuthera mumchere, koma kachipangizo kanga koyezera madzi ka kampani ya Hanna kankangoonetsa phosphate yoposa 1 ppm (gawo limodzi pa magawo miliyoni), pomwe makorali ambiri amasangalala ikakhala pansi pa 0.1. Itatha miyezi 8 ndinagonja, ndinatulutsa mwala uliwonse n'kuyambiranso.

N'chifukwa chake amene amati "ingoikani, zidzakhazikika zokha" amandikwiyitsa. Ambiri mwa iwo anagula miyala yokumbidwa pamtunda ku Florida, monga ya kampani ya Marco, yomwe ilibe zowola zambiri, ndiye amayesa miyala yonse ndi yofanana. Komanso chiletsereni boma la Fiji kutumiza kunja miyala ndi makorali kumapeto kwa 2017, Pukani yomwe mungaipeze kawirikawiri ndi yoti inakhalapo kale m'thanki ya munthu wina, inamwa zonyansa zake zonse. Wogulitsayo sanganene, mwinanso sadziwa.

Ndiye muchite chiyani

Itsukeni ndi paipi yamphamvu. Iviikeni mlungu umodzi m'madzi osakaniza ndi Jik wamba, wopanda zonunkhiritsa, gawo limodzi la Jik pa magawo 10 a madzi. Tsukuluzani, thirani mankhwala ochotsa chlorine, yanikani padzuwa mpaka fungo litatheratu. Ena amaiviikanso mu asidi wa m'maswimming'i pulu kuti adye khungu lapamwamba. Ine sindichita, chifukwa amadya ndi mwala womwe, ndipo akakumana ndi Jik amatulutsa mpweya wa chlorine woti ungakuvulazeni mapapo.

Kenako iikeni m'dramu lovindikira, mumdima: madzi a RO/DI (osefedwa ndi makina mpaka kuyereratu) othira mchere kufika 1.026 pa choyezera mchere, hita pa 25°C, ndi pampu yozunguza madzi. Yezani phosphate mlungu uliwonse, ikakwera tayani madziwo muike ena. Yanga inatenga milungu 7 kuti isiye kukwera. Ikasiya, thirani mabakiteriya a m'botolo ndi ammonia wokwana 2 ppm, mudikire mpaka mabakiteriyawo azidya ammonia ndi nitrite (yomwe amapanga kuchokera ku ammonia), zonse zizifika pa 0.

Mundilemberenso kuti miyala yanuyo ndi yamtundu wanji, poti m'imelo muja simunatchule.